Tizilembo ta Kuseri kwa Siliva

Mukatembenuza chibangili chakale cha ku Britain, kapena kusuzumira m'kati mwa mphete, mumapeza tizidindo tondondozana, kalikonse kochepa kuposa njere ya mpunga. Ine ndinaphunzira kutiwerenga m'zaka za m'ma 1980, ndili mlendo ku Birmingham, kwa bambo ena achikulire amene ankagulitsa zinthu zakale pamsika. Ankandigwiritsa kagalasi kokulitsira zinthu n'kunena kuti, "Gunditsa padiso, mwanawe. Diso lisasunthe, sendeza mpheteyo." Pang'onopang'ono mkango unkatulukira m'chitsulomo, utatukula mwendo wakutsogolo.

Masiku amenewo zidindo zinkakhala zinayi. Mkangowo unkachitira umboni kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva weniweni, ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa. Pambali pake pankakhala chizindikiro cha ofesi imene yayeza chinthucho: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, linga ndi Edinburgh, pomwe Sheffield inali itasiya chisoti chachifumu mu 1975 n'kutenga duwa. Kenaka chilembo cha chaka. Chimene chinkanditenga mtima ine n'chachinayi: zilembo zoyamba za dzina la wopanga, zimene lamulo la ku England linayamba kuzifuna mu 1363.

Kupeza munthu amene ali kuseri kwa zilembozo inali ntchito ya thukuta. Bambo aja ankayenda ndi kabuku ka zidindo ka Bradbury m'thumba la jekete, kothimbirira ndi zala. Kabukuko kankathandiza pa chaka, koma mosamala, chifukwa 1975 isanafike ofesi iliyonse inali ndi mndandanda wakewake wa zilembo. Umayenera kufanizitsa kalembedwe ka chilembo komanso mpanda umene wachizungulira, apo ayi ulumpha zaka zambirimbiri. Za wopanga, zambiri zinali m'mitu ya anthu. Tsiku lina anandionetsa kapini ka pachifuwa kokhala ndi zilembo C.H. pafupi ndi mitolo itatu ya tirigu ndi lupanga, chizindikiro cha ofesi ya Chester. Osatsegula buku anati ndi Charles Horner wa ku Halifax, amene katundu wake wambiri ankayezedwa ku Chester, ofesi imene inatsekedwa mu 1962. Zikakanika, munthu ankalembera kalata ofesi imene inadinda, n'kudikira yankho.

Kunena chilungamo, ngakhale kale zilembozo sizinkaloza dzanja lenileni nthawi zonse. Mwini fakitale ankadinda dzina lake pa ntchito ya antchito ake. Komabe fakitaleyo inali pamalo oti n'kufikapo ndi miyendo. Ndinkayenda mu Vyse Street, m'dera la osula zodzikongoletsera, ndikumva kugogoda kwa tinyundo m'zipinda zam'mwamba, ngakhale kuti zitseko zina zinali zitatsekedwa kale. Fakitale ya Smith & Pepper, imene inasiya ntchito mu 1981, pambuyo pake inasanduka nyumba yoonetsera zakale, zida zili pamene eniake anazisiya.

Kusintha kwakukulu kunadza pa 1 Januwale 1999. Kuyambira tsikulo, zidindo zokakamiza zinatsala zitatu: zilembo za amene wapereka chinthucho kuti chiyezedwe, nambala ya mlingo wa siliva, ndi chizindikiro cha ofesi. Mkango ndi chilembo cha chaka zinakhala za wofuna. Amisiri ena amapemphabe zonse, ndipo ndimawalemekeza. Koma pa zinthu zambiri za m'masitolo chaka mulibe. Apa ndiye pamandiwawa, chifukwa chaka n'chimene chimasiyanitsa amisiri awiri a zilembo zofanana. Anthu otchedwa J.S. sanali mmodzi, koma ukadziwa mzinda ndi chaka, mayina ankachepa mpaka kutsala limodzi.

Nthawi yomweyo malonda nawo anasamuka. Tcheni ndi ndolo zambiri zimene zili m'mashelefu lero zimapangidwa ku Thailand, India, China kapena Italy. Zikafika, kampani imene yaitanitsa ndiyo imazitumiza kukayezedwa, ndipo zilembo zimene zimadindidwa ndi zake. Mukazifufuza mupeza dzina la sitolo. Mtsikana amene anawotcherera ndolozo ku Bangkok palibe pamene walembedwa. Ndipo chinthu cha siliva chikapepuka osafika magalamu 7.78, lamulo silifuna n'komwe kuti chidindidwe.

Kayezedwe kanasinthanso, ndipo apa sindidandaula. Kale ankapala pang'ono chinthucho kuti apeze fumbi loyeza. Lero makina a X-ray amawerenga zitsulo zimene zilimo osachivulaza, ndipo laser imalemba zidindo pa zinthu zopyapyala zimene zikanaphwanyika ndi nyundo.

Kufufuza kwa zakale nako kwaphweka kwambiri. Mdzukulu wanga amajambula chidindo ndi foni, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, ndipo tiyi asanazizire wapeza mndandanda wa amisiri pa intaneti. Zimene bambo aja anazisunga m'mutu moyo wawo wonse, iye amaziona atakhala pampando. Ndimakondwa nazo, koma ndaona kuti njira imeneyi imam'fikitsa kwa munthu pa mphete ya 1890, pomwe pa mphete yogulidwa chaka chatha imathera pa khomo la kampani.

Abale a ku Lilongwe, podziwa kuti ndimakonda zimenezi, amanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Nthawi zambiri imakhala mphete ya chinkhoswe yogula m'tauni, m'kati mwake muli 925 yokhayokha. "Amalume, ndi yeniyeni imeneyi? Anapanga ndani?" Ndimawauza kuti nambala yopanda chizindikiro cha ofesi yoyeza aliyense angathe kuidinda, ngakhale pa chitsulo chongokutidwa siliva pamwamba. Ngati akufuna kutsimikiza, apite nayo kwa wosula golide ndi siliva akaiyeze. Funso lachiwirilo ndimawabwezera kwa amene anawagulitsa, kuti anene kumene anaitenga.