Amene akutiyankha pa WhatsApp ndi ndani?

 Ife odutsa maboda, geni yathu masiku ano imayendera pa foni. Oda timaperekera pa WhatsApp, mitengo ya ku Kariakoo ndi ku Joni timafunsira pomwepo, mapepala a katundu timatumiziranso ajenti pomwepo. Koma ambirife tikalandira uthenga timaganizabe kuti mbali inayo kuli munthu mmodzi wagwira foni ngati ife. Zinthu zinasintha kale, ndipo kusadziwa zimenezi kukhoza kutidyera mpamba.

Zinayambira ku America. Mu March 2015, pa msonkhano wa F8 ku San Francisco, Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook yatsegula Messenger kwa akatswiri opanga mapulogalamu ndiponso kwa makampani. Nthawi imeneyo Messenger inali ndi anthu 600 miliyoni. Mu April 2016 analola makampani kuikamo ma bot, mapulogalamu oyankha okha popanda munthu. Kampani ya ndege ya KLM inayamba chaka chomwecho kutumizira okwera ake ziphaso zokwerera ndege pa Messenger.

WhatsApp, yomwe Facebook inagula mu 2014, inatsatira. Mu January 2018 kunatuluka WhatsApp Business, pulogalamu yaulere ya mabizinesi ang'onoang'ono. Mu August chaka chomwecho anatsegulanso khomo lina la makampani akuluakulu, lotchedwa API, lomwe limalumikiza WhatsApp ndi makompyuta a kampani. N'chifukwa chake lero abale athu ku South Africa amatha kutumiza ndalama kumudzi kudzera pa WhatsApp ya Mukuru. N'chifukwa chakenso mu March 2020 unduna wa zaumoyo wa dziko lomwelo unkayankha mafunso a Covid-19 pa WhatsApp usiku ndi usana.

Ubwino wake tonse tauona. Sitikweranso minibasi kukangofunsa mtengo. Koma walira mvula walira matope. Lero nambala ya bizinesi ikatiyankha, oyankhayo akhoza kukhala mmodzi mwa atatu, ndipo aliyense timachita naye mosiyana.

Woyamba ndi makina. Timawadziwa chifukwa amayankha nthawi yomweyo, ngakhale 2 koloko usiku, ndipo amatiuza kuti tisankhe 1, 2 kapena 3. Makina ndi abwino pofunsa mtengo wosinthira ndalama kapena pamene pafika katundu. Koma sanenerera mtengo ndipo samva dandaulo. Thiraki ikaima pa boda chifukwa pepala lina lalakwika, tisataye maola tikukangana ndi makina. Tifunse njira yolankhulira ndi munthu, ndipo nambala ya ofesi yoimbira tizikhala nayo tisananyamuke.

Wachiwiri ndi kampani yeniyeni yodzera pa API. Kumeneko nambala ndi imodzi koma oyankha ndi ambiri, amasinthana ngati alonda. Amene tinagwirizana naye m'mawa si amene akutiyankha madzulo. Choncho mawu akuti "tinagwirizana kale" alibe mphamvu ngati sanalembedwe. Mtengo, kuchuluka kwa katundu, tsiku lonyamula ndi amene alipire mayendedwe, zonse zilembedwe mu uthenga umodzi, iwo avomere. Mauthenga a mawu ndi osavuta, koma pa mlandu amavuta kuwafufuza. Tidziwenso lamulo la maola 24: kampani yotere imatiyankha momasuka m'maola 24 kuchokera pa uthenga wathu womaliza, ikapitirira pamenepo imangotumiza mauthenga okonzedweratu amene Meta, mwini wa WhatsApp, inavomereza. Netiweki ikatithawa pa msewu wa Tete tsiku lonse, tikafika poti yagwira tiyambe ndife kulemba, tisadikire.

China n'chakuti zimene tatumiza ku kampani yotere zimasungidwa m'makompyuta ake kapena a kampani ina imene yailemba ganyu, ndipo antchito angapo amaziona. WhatsApp imaika kachidziwitso pamwamba pa macheza otere, tiziwerenga. Chithunzi cha pasipoti, laisensi kapena mapepala a galimoto tizitumiza pokhapokha pali chifukwa chomveka.

Wachitatu ndi amene amatiliza kwambiri: munthu wamba amene waika WhatsApp Business pa foni yake. Pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo aliyense akhoza kulembapo dzina lililonse, kuikapo chizindikiro cha sitolo yodziwika, zithunzi za mabelo ndi nsapato, ngakhale adiresi ya mumsewu weniweni wa ku Johannesburg. Mawu akuti "Business account" amangosonyeza pulogalamu imene munthuyo akugwiritsa ntchito. Sakutanthauza kuti wina anapita kukaona sitoloyo. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ngakhale kachizindikiro ka buluu, komwe kale kanali kobiriwira, kamangosonyeza kuti Meta yatsimikiza dzina la mwini nambala. Sikalonjeza kuti katundu afika, ndipo ndalama ikapita Meta sitibwezera.

Nanga tichite chiyani? Zimene tinkachita foni zisanabwere. Wogulitsa watsopano tisamutumizire ndalama tisanamuone. Timuimbire pa vidiyo, atizungulitse m'sitolo, ationetse katundu amene tikufunayo ndi chikwangwani cha panja. Kenako tipemphe dalaivala kapena mnzathu amene ali komweko akapondepo. M'gulu muno muli anthu amene amagona ku Dar, ku Lusaka ndi ku Joni sabata iliyonse, kufunsa sikulipira. Oda yoyamba ikhale yaing'ono, yoti ikatayika tisatseke geni. Dzina la pa akaunti ya banki kapena ya pa foni lifanane ndi la pa lisiti. Wogulitsa wathu wakale akatilembera kuti akaunti yasintha, kapena akatulukira pa nambala yachilendo, tiimbire nambala yakale timve mawu ake. Nambala ya kampani tiitenge pa lisiti, pa chikwangwani cha ofesi kapena pa tsamba lake lenileni, osati imene yaponyedwa m'gulu ndi munthu amene sitimudziwa.

Ifenso khomo limeneli ndi lathu. WhatsApp Business imatilola kuika mndandanda wa katundu ndi mitengo, kuti kasitomala wa ku Limbe kapena ku Chipata asankhe ife tili pamsewu. Imatilola kuika zizindikiro pa makasitomala, awa alipira, awa ali ndi ngongole. Imayankhanso yokha kuti tili paulendo, ngakhale izi zimafuna kuti foni ikhale pa intaneti. Madalaivala, kutumiza pamene muli kwa maola 8 kumachepetsa mafoni a eni katundu, koma muzitumiza kwa mwini katundu yekha, osati m'gulu lonse. Akuba nawonso amawerenga.

Tikatero, nambala yathu yasanduka sitolo, tiikiye. Tiike PIN ya manambala 6 pa two-step verification. Nambala 6 zobwera pa SMS tisauze munthu, ngakhale atanena kuti ndi wa ku WhatsApp kapena ndi admin wa gulu lino. Wozitenga amalanda akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala athu m'dzina lathu. Tikagula simu ya dziko lina pa boda, sitikufunika kusintha nambala ya WhatsApp, imagwirabe ntchito ndi bandulo ya simu yatsopanoyo. Koma simu yakumudzi tisaisiye miyezi osaigwiritsa ntchito, chifukwa makampani a foni amatseka nambala zogona n'kuzipereka kwa ena. Nambala ikapita, makasitomala a zaka zambiri amapita nayo.

Makampani a ku America anatsegula khomo kuti mabizinesi atipeze mosavuta, ndipo polowera pomwepo akulowanso akathyali. Mpamba wathu ambirife ndi wa ngongole ya banki m'khonde, wina ndi wa fizi ya ana. Tisanadine batani lotumizira, tidzifunse kuti amene akutiyankhayu ndi makina, kampani, kapena munthu amene palibe mwa ife anamuonapo. Amene mukudziwa njira zina zotsimikizira wogulitsa, lembani m'munsimu anzathu atolepo. Muyende bwino.