Chipande cha therere pamsewu wa Phwezi

Anthu ambiri a kuchigawo chapakati ndi kummwera amaidziwa Phwezi chifukwa cha sukulu zake za sekondale, ya anyamata ndi ya atsikana. Koma Phwezi ndi msewunso. Malowa ali m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi, pamsewu wa M1, kufupi ndi mtsinje wa South Rukuru. Ukachoka ku Mzuzu umadutsa Ekwendeni, Enukweni ndi Bwengu usanafike apa. Ukapitirira umakatsika zitunda za Chiweta, kenako Karonga, mpaka pachipata cha Songwe pomwe pathera dziko lathu n'kuyambira Tanzania.

Ndinakhalako masiku atatu kwa achibale, ndipo nthawi yambiri ndimaithera pakhonde la golosale, kuonerera msewu. Mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, malole a malasha, mabasi a amayi a geni ya zitenje, ndiye apo ndi apo galimoto ya alendo akunja, tenti atamanga padenga, kapena njinga zakapalasa ziwiri zolemedwa ndi zikwama. Ambiri mwa anthuwa achokera kuchipata kapena akupita kuchipata, ndipo zochitika kumeneko zimamveka m'thumba la wogulitsa tomato ndi nthochi kuno.

Mayi wina wa geni yotereyi, atandilonjera kuti "Monile adada," anandiuza kuti alendo akunja sagula zambiri ayi, koma sanenerera mtengo. Za viza mayiwa sazitsata. Chomwe amadziwa n'chakuti chaka china galimoto zoterezi zimachuluka, chaka china zii.

Chifukwa chake china chili m'maofesi akutali. Mu October 2015 boma la Malawi linayamba kulipiritsa viza ya madola 75 kwa nzika za maiko omwe nawonso amafuna viza kwa Amalawi. Mfundo inali yoti mmene umandichitira kwanu ndi mmene ndikuchitire kwathu. Mu February 2024 zinthu zinatembenuka: boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, kuphatikizapo America, Britain ndi China, pofuna kukopa alendo ndi ndalama zakunja.

Ife titatsekula chitseko chotero, anzathu ena anawonjezera loko pachawo. Kuyambira mu August 2025, America inalamula kuti Mmalawi kapena Mzambia wofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi aziyamba wapereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chomwe amabweza munthu akatuluka m'dzikolo nthawi yake isanathe. Chifukwa chomwe anapereka n'chakuti ena akapita sabwerera pa nthawi. Madola 15,000 ndi ndalama zoposa K26 miliyoni pamtengo wa kubanki. Tangoganizani kholo la ku Bolero lofuna kukaona mwana wake akulandira digiri! Kumapeto kwa chaka chomwecho boma lathu linalengeza kuti libwezeretsa malipiro a viza potengera mmene maiko ena amachitira ndi Amalawi.

Mtima umavomereza ndithu. Paja akuluakulu anati chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Sizimveka kuti mnzako azilowa m'nyumba mwako osaodira pomwe iwe kwake akukuimika kunja kwa mpanda. Koma ukakhala pakhonde la pa Phwezi umadzifunsa kuti kodi ndodo yobwezerayo imagwera pamsana pa yani? Bwana amene anasaina za chikole ku Washington sadzadutsa pano pa njinga. Amene amabwerera ndi mnyamata wa chikwama kumsana uja, yemwe akawerengera ndalama pa Songwe amasankha kulowera ku Tunduma n'kutsikira ku Zambia. Mayi wa nthochi uja wataya kasitomala pa mkangano womwe sanaumveko n'komwe.

Msewu womwewu unaona zofanana mu April 2025. Malawi italetsa kulowetsa zinthu monga ufa, mpunga ndi nthochi, Tanzania inabwezera poletsa zokolola za kuno kulowa kwawo. Katundu anaima pamalire, wina n'kuwola, mpaka maboma awiriwa atakambirana. Oluza oyamba anali amayi a geni a mbali zonse ziwiri.

Kutali ku Asia nkhaniyi ili ndi mnzake. Mlendo wofuna kukwera kumapiri a Tibet sangalowe ndi viza ya China yokha, pamafunikanso chilolezo chapadera, ndipo atolankhani ndi akazembe sachipeza mophweka. Mu 2018 America inakhazikitsa lamulo lomana viza akuluakulu a China omwe amatsekereza anthu ake kulowa ku Tibet. Mu March 2025 nduna yoona za maubale ndi maiko ena, Marco Rubio, inalengeza ziletso zoterezi, ndipo mu April China inabwezera kwa akuluakulu ena a ku America. Kumeneko ndodo inalunjika mabwana enieniwo, komabe munthu wobadwira ku Tibet amene amakhala kunja akuvutikabe kukaona kwawo. Kubwezerana kumaziziritsa mtima wa boma, koma pakokha sikutsekula chitseko.

Chosangalatsa n'chakuti chitsanzo china chili m'boma lomweli la Rumphi. Mukabwerera ku Bwengu n'kukhota kulowera ku boma, kudutsa Bolero mpaka pageti la Thazima, mumayamba kukwera phiri la Nyika. Kuchokera pa boma kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100 pamsewu wafumbi wofuna galimoto yolimba, ndipo juzi musaiwale, chifukwa mu June ndi July kumazizira koopsa. Nyika ndi paki yaikulu kuposa zonse m'dziko muno, koma kachigawo kake kakumadzulo kali m'dziko la Zambia. Pamtunda wina msewu wa ku Chelinda umayenda m'malire penipeni, moti ukhoza kuponda dothi la Zambia popanda wokufunsa pasipoti kapena kukudindira. Mbidzi, ntchefu ndi achilembwe amadya msipu uku ndi uku mmene afunira. Mu 2015 maiko awiriwa anasainirana pangano losamalira derali pamodzi.

Ndi chimodzimodzi Mmalawi akamapita ku Zambia, Tanzania, Mozambique kapena ku Joni: viza safuna, chifukwa maboma anakhala pansi n'kugwirizana. Kuyenderana kwa therere kuja n'kumeneku, mbale kupita ndi ndiwo n'kubwera ndi ndiwo. Ngati atsogoleri athu ayenera kubwezera, abwezere, koma kalata yopempha zokambirana ipite tsiku lomwelo. Anthu a m'mbali mwa M1, kuyambira pa Phwezi mpaka pa Songwe, amadya msewu ukamayenda.