Wosewera Amene Anthu Amamuimbira Nyimbo

Mwezi uno tikupempha kuti mutilole tipatuke pang'ono pa nkhani zathu za masiku onse, tikambe za mpira wa miyendo. Tikudziwa kuti ena mwa inu amayi mwayamba kale kung'ung'udza, pakuti mpira womwewu ndiwo umachedwetsa abambo kubwera kunyumba Loweruka madzulo, nsima mpaka kuchita kuzizira. Koma pirirani nafe, chifukwa nkhaniyi ikamafika kumathero idzakhala italowa m'nyumba mwanu.

Funso limene lakhala likutivuta ndi ili: kodi chimachititsa n'chiyani kuti wosewera wina akondedwe koposa, chikhalirecho timu yake sinatenge zikho zambiri iye alipo, pamene wina wogoletsa zigoli zochuluka amachoka popanda ndi mmodzi yemwe womudandaula?

Tiyambe ndi mwana wa kwathu kuno kum'mawa, Fashion Sakala, amene anabadwira ku Chipata m'chaka cha 1997. Mnyamatayu anasewerako ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, ndipo anali mmodzi wa achinyamata osapitirira zaka 20 amene anatenga chikho cha Africa ku Lusaka mu Malichi 2017, atagonjetsa Senegal ndi zigoli ziwiri kwa duu. Atadzera ku Russia ndi ku Oostende m'dziko la Belgium, m'chaka cha 2021 anafika ku Rangers, timu yaikulu ya mumzinda wa Glasgow ku Scotland.

Kuyambira pamenepo ife ndi anzathu tinkasonkhana pa Boma la Chadiza, m'kanyumba koonetseramo kanema, kudikira kuti mwana wathu alowe m'bwalo. Pano tiulule kanthu koseketsa. Mdani wamkulu wa Rangers ndi Celtic, timu imene inayambitsidwa m'chaka cha 1887 ndi Brother Walfrid wa chipani cha a Marist, pofuna kupeza ndalama zodyetsera ana osauka a mumzindawo. Mwachidziwikire ife Akatolika tikadayenera kukhala kumbali ya Celtic. Koma ako ndi ako: kwa zaka ziwiri zathunthu akatekisiti, a kwaya ndi otumikira pa guwa a ku Chadiza tinkachemerera Rangers mosabisa.

Tikawerengera bwino zimene Sakala anapindula m'zaka ziwirizo, tipeza kuti si zambiri. Chikho cha ligi chinapita ku Celtic zaka zonse ziwiri. Pa 18 Meyi 2022 Rangers inafika pa ndime yomaliza ya chikho cha Europa mumzinda wa Seville, koma inagonja kwa Eintracht Frankfurt pa mapenate. Chikho chimodzi chokha ndicho anachigwira m'manja, cha Scottish Cup, chimene anatenga patapita masiku atatu atagonjetsa Hearts. Iye mwini kawirikawiri ankayamba masewero ali pa benchi, ndipo m'nthawi yochepayo anasewera pansi pa aphunzitsi atatu: Steven Gerrard, Giovanni van Bronckhorst ndi Michael Beale. Analipo masiku okoma, monga la 31 Okutobala 2021 pamene anagoletsa zigoli zitatu yekha ku Motherwell. Koma analiponso masiku owawa. Kawiri konse m'chaka cha 2023, pa bwalo la Hampden, posewera ndi Celtic, mpira unagunda mzati wa golo n'kubwerera kumapazi ake, iye n'kuuponya kunja kwa ukonde. M'kanyumba kathu kaja munangoti zii, wina n'kutuluka osatsazika.

Komabe anthu a pa bwalo la Ibrox, amene amakwana ngati 50,000 likadzaza, anamupekera nyimbo ya dzina lake, ndipo ankaiimba ngakhale iye akungodzitenthetsa thupi m'mbali mwa bwalo. Pamene anachoka mu Ogasiti 2023 kupita ku Al-Fayha m'dziko la Saudi Arabia, ambiri anavomereza kuti timu ifunika wogoletsa wodalirika kuposa iye, koma anamutsazika ngati mwana wapakhomo.

Achikulire anzathu akumbukira kuti zofanana ndi izi zinachitikiranso Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa yense m'chaka cha 1988. Ku PSV Eindhoven anatengako zikho za ligi mu 1991 ndi 1992. Koma m'chaka cha 1994 anapita ku Club América ku Mexico, kumene anakumana ndi François Omam-Biyik wa ku Cameroon pansi pa mphunzitsi Leo Beenhakker. Timuyo inkasewera mpira wokoma kuona ndi kugoletsa zigoli zambirimbiri, koma mphunzitsiyo anachotsedwa ntchito m'chaka cha 1995 nyengo isanathe, ndipo chikho chinawapulumuka. Kalusha anachoka m'chaka cha 1997 osatengako ligi ndi kamodzi komwe. Timuyo inadikira kuchokera mu 1989 mpaka 2002 kuti idzaitengenso. Nanga bwanji dzina lake silinazilale pakati pa ochemerera timuyo ku Mexico?

Yankho lake ife sitinalipeze pa kanema. Tinalipeza pa bwalo lafumbi la kuseri kwa tchalitchi chathu chakumudzi, ndipo tinalipeza mochititsa manyazi.

Zaka zapitazo tinapatsidwa udindo woyang'anira timu ya achinyamata a pa nthambi yathu ya parishi. M'timumo munali mnyamata wina wamfupi, wa miyendo ngati ya gwape, amene sankadziwa kuima. Mpira umene anzake onse anautaya mtima, iye ankauthamangira mpaka m'mapesi a chimanga. Akagwa ankadzuka akuseka. Koma akafika pamaso pa golo mutu unkamuzungulira, ndipo pa mipata isanu ankagoletsa umodzi. Amayi obwera ku dimba ankatula madengu awo kuti amuonere, ana ankathamanga m'mbali mwa bwalo kutsatana naye, ndipo nthungululu zinkamveka iye akangokhudza mpira.

Chaka china, itatha nyengo yokolola, tinafika pa ndime yomaliza ya mpikisano wa midzi yozungulira. Mphotho inali mbuzi ndi mpira watsopano. Kutatsala pang'ono kuti masewero athe, mnyamatayo anatsala yekha ndi golo, n'kuponya mpira pamwamba. Tinagonja. Ife, amene Lamulungu lililonse timaima kutsogolo kuphunzitsa za kuleza mtima, tinamukalipira pamaso pa anthu onse, tinamuuza kuti liwiro lopanda nzeru n'la galu wosaka. Sabata yotsatira tinamusiya kunja, tinaika wina wamtali wodziwa kuponya.

Wamtaliyo ankagoletsadi, ndipo tinapambana masewero angapo. Koma m'mbali mwa bwalo munayamba kuchepa anthu. Tsiku lina titatuluka m'mapemphero, gogo wina wa m'bungwe la amayi anatiimitsa pansi pa mtengo wa mango, nagwada monga mwa ulemu wake, nati: "Aphunzitsi, mwana uja mwamuika kuti? Ife mpira sitiudziwa, ndipo mbuzi ija sitikadadyako ndi chiboda chomwe. Tinkabwera kudzaona mwana amene amatithamangira."

Mawu amenewa takhala tikuwasinkhasinkha mpaka lero. Amene amatithamangira. Ochemerera mpira ambiri, kaya ku Chadiza kaya ku Glasgow, ndi anthu ogwira ntchito zolimba amene pa moyo wawo zikho saziona kawirikawiri. Taganizirani mlimi wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume m'nyengo ya 2023 ndi 2024. Anagalauza munda, anabzala pa nthawi yake, anapalira, anathira feteleza wogula movutikira, kenaka mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula ngayaye, mpaka boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Munthu wotere amadziwa bwino lomwe kuti thukuta ndi zokolola sizimayenda pamodzi nthawi zonse. Akaona wosewera amene wathamanga bwalo lonse, waphonya, wagwira kumutu, kenaka n'kutembenuka kupemphanso mpira osaloza mnzake chala, amadziona yekha. Katswiri amene zonse zimamuyendera timamugomera, koma sitimuyesa mbale wathu. Wolimbikira wophonya uja ndiye timamutenga ngati wa m'banja.

Tisamvedwe molakwa. Sitikunena kuti kuphonya n'kwabwino, kapena kuti zigoli zilibe ntchito. Timu yosagoletsa imatsika, monga momwe nkhokwe yopanda chimanga singadyetse banja ngakhale mwini wake akhale wansangala chotani. Sitikuyamikiranso ulesi, pakuti waulesi anthu samuimbira nyimbo. Amamuzindikira msanga ngakhale ali kutali. Chimene tikunena n'chakuti pali miyeso iwiri. Wina ndi wa alembi, wowerenga zigoli ndi zikho. Wina ndi wa anthu wamba, woyesa mtima umene munthu waika pa ntchito yake ndi m'mene amakhalira ndi anzake zinthu zikavuta. Makolo athu ankadziwa zimenezi pamene ankati ukaipa nkhope dziwa nyimbo. Cholakwa chathu pa tsiku la mbuzi lija chinali kugwira muyeso umodzi wokha.

Apa ndi pamene nkhani yalowera m'nyumba mwanu. Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'mabanja ambiri mumakhala mwana amene anadzuka m'mamawa zaka zonse, anayenda mtunda wautali kupita kusukulu, anawerenga usiku ndi kanyali, koma sanakhoze monga tinkayembekezera. Aliponso mkamwini amene malonda ake sakukula, ndi mtsikana amene wabwerako ku Lusaka chimanjamanja. Timawalandira bwanji? Ngati anthu achilendo a ku Scotland anatha kuimbira nyimbo mwana wa ku Chipata chifukwa cha khama lake ndi nkhope yake yosangalala, nanga ife tilephera bwanji kuuza mwana wobala tokha kuti taona m'mene wathamangira? Kudzudzula kulipo, ndipo n'koyenera pa nthawi yake, koma kuyenera kubwera pambuyo pa mawu amenewo, ndiponso kuseri, osati pa bwalo anthu akuona.

Mnyamata wathu uja sanabwererenso m'timu. Tsopano ndi bambo wa ana atatu, amalima nsawawa ndi mpendadzuwa. Kwa zaka zambiri tinkakumana naye pa msika, iye n'kuvula chipewa kutipatsa moni, ife n'kuyankha ngati palibe chinachitika. Chaka chatha tinalimba mtima, tinapita kwawo madzulo, tinakhala pa khonde, tinapepesa. Iye anaseka kuseka kwake komwe kuja, nati: "Aphunzitsi, mpira uja ndikadaugoletsa, mbuzi tikadadya tsiku limodzi. Koma mpaka lero amayi a m'mudzi muno akandiona amanditchula dzina la pa bwalo." Kenaka anaitana mwana wake woyamba kuti atipatse moni. Mwanayo ndi wamfupi, ndipo akuti amathamanga ngati atate ake. Loweruka likudzali tamulonjeza kuti tikamuonera, ndipo akaphonya tikudziwa chimene tidzachite.