Malonda a Siliva wa Kaisara

Kandalama kake n'kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma zaka 2,000 zapitazo waganyu ankapsa ndi dzuwa tsiku lonse m'munda wampesa kuti akalandire. Dzina lake ndi dinari, ndalama yasiliva imene Aroma anayamba kusula cha m'ma 211 BC, ali mkati mwa nkhondo yolimbana ndi Hannibal. Lero madinari akadali pamsika, ndipo ku London kuli anthu amene ana awo amadya ndi kuphunzira kuchokera m'malonda amenewa.

Mmodzi mwa iwo ndi bambo wina wachikulire amene amayala katundu wake kufupi ndi British Museum. Zida zawo n'zochepa: sikelo yaing'ono, galasi lokuza zinthu, ndi mabuku a Roman Imperial Coinage amene ogulitsa ndi ogula omwe amayendera.

"Ndalama ikafika m'manja mwanga, sindithamangira kuona nkhope ya mfumu," iwo akutero. "Ndimayamba ndaiika pasikelo. Dinari ya nthawi ya Augustus imalemera magalamu pafupifupi 3.9. Nero anaichepetsa mu 64 AD kufika cha pa 3.4. Ndiye munthu akandibweretsera ya Augustus yooneka yatsopano koma yopepuka kwambiri, ndimadziwa kuti pali nkhani."

Akachoka pasikelo amayang'ana m'mphepete. Aroma ankaika kachidutswa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo, motero siliva ankamwazika n'kusiya timizere tochokera pakati kupita kunja, nthawi zina n'kung'aluka pang'ono m'mbali. Akathyali ambiri a masiku ano amathira chitsulo chosungunuka m'chikombole. Ndalama yotero imakhala ndi msoko kuzungulira m'mphepete, timaenje ta mpweya, ndi zilembo zofota.

Chinyengo sichinayambe lero ayi. Kalelo kunali anthu okuta mkuwa ndi kachikopa ka siliva, ndipo n'chifukwa chake madinari ambiri akale ali ndi zipsera zimene osintha ndalama ankaboola pofuna kuona za mkati. Bambowa amagulitsanso ndalama zokutidwazi, koma amalemba poyera kuti ndi chinyengo cha nthawi ya Aroma, ndipo zili ndi ozikonda.

Mafumu nawo ankabera anthu awo mochenjera. Pofika nthawi ya Septimius Severus, amene analamulira kuyambira 193 mpaka 211 AD, siliva m'dinari anali atatsika kufika pafupifupi theka. Mwana wake Caracalla anatulutsa ndalama ina mu 215 imene inkawerengedwa ngati madinari awiri chonsecho kulemera kwake kunali kwa dinari imodzi ndi theka. M'zaka za m'ma 260 ndalamayo inali itasanduka mkuwa wongopaka siliva pamwamba. Anthu sanali opusa: ndalama zabwino ankazikwirira m'miphika, zoipa n'kumagulira zinthu. Madinari amene Mark Antony analipira asilikali ake mu 32 ndi 31 BC anali ndi siliva wochepa, choncho anayenda m'manja mwa anthu zaka zoposa 200, ndipo ambiri amapezeka atafufutika.

Mtengo umadalira kusowa kwa ndalamayo, maonekedwe ake, ndi nkhani imene yanyamula. Ya Severus munthu atha kuipeza ndi mapaundi makumi angapo. Ya Tiberius imakwera kufika mazana, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti ndi mtundu umene anaonetsa Yesu pa nkhani ija ya msonkho wa Kaisara.

"Imeneyo sichedwa pathebulo," akutero bambowa. "Abusa ndi aphunzitsi a Baibulo amaifuna. Koma ndimawauza kuti palibe angalumbire kuti inalidi ya Tiberius. Ndimawachenjezanso kuti asakaikweche. Kuda kumene siliva amada ndi zaka ndi gawo la mtengo wake. Ukaipukuta kuti iwale, wataya ndalama zako."

Chimene amalimbikira kwambiri ndi mapepala osonyeza kumene ndalama yachokera. Ku England, lamulo la Treasure Act la mu 1996 limati wopeza ndalama zasiliva ziwiri kapena kuposa pamalo amodzi, za zaka zopitirira 300, akanene pasanathe masiku 14. Umu ndi mmene chuma cha ku Frome, ndalama 52,503 zimene zinapezeka mumphika umodzi mu 2010, chinafikira kumalo osungira zinthu zakale ku Taunton m'malo momwazikana pamsika.

Kupanda mapepala kwagwetsa ngakhale akuluakulu. Mu 42 BC Brutus anasulitsa ndalama yokhala ndi mipeni iwiri, kunyadira kuphedwa kwa Julius Caesar. Yagolide ya mtundu umenewu inagulidwa pa okushoni ku London mu 2020 pa mapaundi oposa 3 miliyoni. Pambuyo pake zinadziwika kuti mbiri ya kumene inachokera inali yopeka, ndipo mu 2023 anaibweza ku Greece.

"Wofuna kuyamba asathamangire zodula," iwo akulangiza. "Agule imodzi yotchipa kwa wogulitsa wodziwika, aiyeze, awerenge zilembo zake mpaka azizolowere. Ndipo asatulutse ndalama m'thumba asanaone lisiti lonena kumene dinariyo yachokera."