Mukafika ku Amsterdam, Sankhani Boti Mofatsa

Amayi anzanga, masiku ano ambiri a ife tili ndi ana amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku Ulaya, ndipo tsiku lina kalata ingathe kufika yokuitanani kuti mukaone mdzukulu. Ngati ulendo wanuwo udzakufikitseni ku Amsterdam, likulu la dziko la Netherlands, aliyense adzakuuzani kuti mzindawo sauonera pa galimoto ayi, koma pa boti. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma maboti kumeneko ndi ambirimbiri, ndipo si onse oyenera kuwakhulupirira ndi ndalama zanu ndi moyo wa ana anu.

Poyamba tiudziŵe mzindawo. Amsterdam adamangidwa pa dambo, pamene mtsinje wa Amstel umathera. Nthaka yake ndi yofeŵa kwambiri, kotero kuti nyumba zakale zidakhazikidwa pa mitengo yaitali yokhomedwa pansi. Nyumba yachifumu ya pa bwalo la Dam yokha ili pa mitengo 13,659. Mzindawo utadzaza ndi amalonda, m'chaka cha 1613 adayamba kukumba ngalande zikuluzikulu zitatu zozungulira pakati pake ngati mikombero ya lichero. Maina ake ndi Herengracht, Keizersgracht ndi Prinsengracht. Lero ngalande zonse pamodzi zimapitirira makilomita 100, milatho imaposa 1,000, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO lidaika dera la ngalandezi pa mndandanda wa malo ofunika kuwasunga pa dziko lonse lapansi.

Mukakhala pansi pa madzipo, nyumba zimaoneka zopapatiza ndi zazitali, zogundana ngati anthu a pa mzere wa kuchigayo. Kwezani maso pamwamba pa nyumbazo: pa zambiri mudzaona mtanda wotulukira kunja wokhala ndi mbedza yachitsulo. Makwerero a m'nyumbamo ndi opanikiza, tsono kabati kapena bedi amazikweza ndi chingwe n'kuziloŵetsera pa zenera, monga ankachitira ndi matumba a malonda kalelo. Pa Prinsengracht mudzadutsa nyumba imene mtsikana Anne Frank adabisalamo pamodzi ndi makolo ake kuyambira 1942 mpaka 1944, pafupi ndi tchalitchi cha Westerkerk, m'mene adaika maliro a katswiri wojambula Rembrandt mu 1669. Pa Reguliersgracht woyendetsa wodziŵa ntchito yake amachepetsa liŵiro kuti muone milatho isanu ndi iŵiri itandondozana.

Tsono tibwere pa nkhani yosankha. Chinthu choyamba ndi chilolezo. Aliyense wonyamula anthu pa ngalandezi pofuna malipiro ayenera kukhala ndi chilolezo cha khonsolo ya mzinda. Komabe nthaŵi yadzuŵa sipalephera kupezeka anyamata oima m'mbali mwa ngalande, okodola alendo ndi mtengo wotsika ndi lonjezo la zakumwa zaulere. Ena mwa iwo alibe chilolezo, ndipo ngozi itagwa mungapeze kuti palibe inshuwalansi yokuthandizani, ngakhale ofesi yoti mukadandauleko. Kampani yoona imakhala ndi dzina lolembedwa pa boti, malo ake okhazikika okwererapo, ndi mitengo yolembedwa poyera, ndiponso imapereka tikiti. Makampani otere mudzaŵapeza pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima, pa Damrak, pa Rokin, ndi kufupi ndi nyumba ya zakale ya Rijksmuseum. Musachite manyazi kufunsa za chilolezocho, pakuti akulu adati safunsa adadya phula.

Chachiŵiri, lingalirani anthu amene muli nawo. Maboti akuluakulu ofoleredwa ndi galasi amakutetezani ku mvula, imene kumeneko imagwa mwezi uliwonse, ndipo ambiri ali ndi chimbudzi. Ameneŵa ndiwo oyenera mayi wa ana aang'ono kapena wotsagana ndi apongozi okalamba. Maboti aang'ono apamtetete amaloŵa m'ngalande zopapatiza zimene aakulu sangadutsemo, ndipo woyendetsa amacheza nanu pakamwa, koma kaŵirikaŵiri alibe chimbudzi, ndiponso mphepo ya pa madzi imaluma ngakhale dzuŵa likuŵala. Ngati maondo amakuvutani, pitani mukaone kaye makwerero otsikira m'botimo musanalipire.

Chachitatu, funsani za ulendo weniweniwo. Utenga nthaŵi yaitali bwanji? Maulendo ambiri amatenga ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Udutsa ngalande ziti, ndipo ukathera pomwe mwakwererapo kapena kwina? Ambiri asokonekera atatsitsidwa kudera limene sakulidziŵa. Kodi mbiri ya malo aifotokoza m'Chingerezi? Nanga mtengo wa ana ndi wotani? Mwana wanu akamagula matikiti pa intaneti, muuzeni agule kwa eni botiwo, aŵerengenso ngati ndalama zimabwezedwa mutalephera kupita. Kumbukiraninso kuti malo ambiri ku Netherlands amakonda kulipidwa ndi khadi ya kubanki koposa ndalama zapamanja.

Musanakwere, imani pa mlatho kanthaŵi muone m'mene maboti akuyendera. Pakati pa mzinda lamulo salola kupitirira makilomita 6 pa ola, poti mafunde amagumula makoma akale a ngalande. Woyendetsa wothamangitsa boti, wodzaza anthu mopitirira mipando, kapena wosokosera ndi nyimbo, wakuonetsani kale khalidwe lake. Mukakwera, khalani pansi, pakuti milatho ina ndi yotsika kwambiri. Mwana mumkhazike pakati, manja ake asatuluke kunja, chifukwa boti limadutsa pafupi kwambiri ndi makoma amiyala.

Ngati nthaŵi ilipo, kwerani cha kumadzulo, dzuŵa likupendeka. Mudzaona nyumba kukadali koŵala, ndipo pobwerera mudzapeza mlatho wa Magere Brug pa Amstel utayatsidwa ndi timababu tambirimbiri, kuŵala kwake kukugwedezeka pa madzi. Musaiŵale juzi yochindikala ndi mpango, ndipo ana akaloŵe kuchimbudzi musananyamuke.