Yamikani, uziyamba waima usanaoloke njanji

Yamikani mwana wanga,

 Kuno ku Chipoka tadzuka, kungoti mwera wavuta ndipo usipa wakwera mtengo.

Chandilembetsa kalata ndi ichi. Azakhali ako anakuona Lachiwiri pa msewu wa M5, paja msewu umadutsana ndi njanji. Akuti unali pa njinga yamoto yako ya kabaza, kumbuyo utakweza mayi ndi dengu la usipa, m'makutu muli nyimbo, ndipo unangodutsa vuu, osacheuka n'komwe. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Chimene chikukunamiza ndikuchidziwa. Iwe wakula njanjiyi ili zii masiku ambiri, mbuzi zikugona pakati pake, ndiye umaiyesa yakufa. Sinafe, mwanawe. Inafika ku Salima mu 1935, agogo ako asanabadwe, ndipo mu 1979 inapitirira mpaka ku Lilongwe. Sitima za anthu zinaleka kubwera kuno, inde, koma za katundu zikuyenda. Waiwala ya mafuta ija inachokera ku Nacala mu 2024, n'kudutsa pompano kupita ku Kanengo? Za katunduzi sizikuuza tsiku kapena ola.

Malemu bambo ako anagwira ntchito yokonza njanji mpaka msana kupindika, ndipo zimene ankatiuza pa mkeka madzulo ndikuzikumbukabe. Sitima ilibe chiwongolero, singakupatukire. Matayala ake ndi achitsulo, njanjinso ndi yachitsulo, ndiye ikalemedwa ndi mabogi a feteleza, dalaivala ngakhale amange mabuleki onse imatha kuserereka kilomita yathunthu isanaime. Ankatinso mainjini ena a dizilo ali ndi mphuno yaitali, dalaivala amakhala kumapeto kwake, moti mphunoyo ikatsogola, mbali ina saiona bwino. Iwe ukamaganiza kuti wakuona, mwina sanakuone. Ndipo chinthu chachikulu chotere chimaoneka ngati chikubwera pang'onopang'ono pamene chili pa liwiro. Ambiri amapusitsika pamenepo.

Malo ambiri odutsira alibe geti, alibe mlonda. Pali chikwangwani chokha, nthawi ya dzinja udzu n'kuchiphimba. Hutala ikamalira, uimva bwanji makutu utatseka?

Ndikudziwa kuti mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo alionse, ndipo anzako a pa Kamuzu Road amalanda makasitomala ukachedwa. Sindikunyoza thukuta lako, ndi lomwe limandigulira sopo. Koma mayi uja unamukweza nayenso ali ndi ana omudikira.

Ukafika pa njanji ima, ponda pansi, chotsa za m'makutuzo, yang'ana uku ndi uku, kenaka oloka. Uwauzenso anzako pa siteji.

Lamulungu ubwere ndi kamdzukulu kanga, ndakusungira chambo chowamba.

Ndine mayi ako.