Balaka wa ena ndi nyimbo, wanga ndi kwa Kalembo

Munthu akakufunsani kuti kwanu n'kuti, mumayankha ndi dzina limodzi, ndipo dzinalo limakayamba kukulankhulirani musadanene china chilichonse. Ine ndikayankha kuti kwathu n'ku Balaka, wofunsayo amamwetulira n'kuyamba kutchula Lucius Banda, Paul Banda ndi Alleluya Band. Ndimavomera, chifukwa nane ndidakulira nyimbo zimenezo. Koma mumtima ndimadziwa kuti Balaka amene iye akuona si amene ndikunena ine. Wanga ali ku Ulongwe, m'dera la mfumu yaikulu Kalembo, kufupi ndi mtsinje wa Shire.

Mwezi wathawu ndidayenda ulendo wochokera pa boma la Balaka kupita kumudzi, ndipo njira yonse ndinkawerenga kuti dzina lalifupili lili ndi matanthauzo angati.

Tanthauzo loyamba ndi tauni. Kondakitala wa minibasi ku Lilongwe kapena ku Limbe akamakuwa kuti "Balaka!" amanena pamsika, pasiteshoni ya sitima ndi patchalitchi chachikulu cha Katolika chimene chimaonekera patali. Kwa iye Balaka amathera pamene wokwera watsikira. Tauniyi idakulira njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, ndipo kumwera kwake, pa Nkaya, ndi pamene imapatukira njanji yodutsa ku Liwonde ndi ku Nayuchi kupita ku doko la Nacala.

Tanthauzo lachiwiri ndi nyimbo. Alleluya Band idayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka, motsogoleredwa ndi Paul Banda komanso mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, bambo Mario Pacifici. M'gululi mudatuluka oimba monga Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo, ndipo ku situdiyo ya Imbirani Yahwe kunkabwera achinyamata a m'maboma ena kudzajambula. Mng'ono wa Paul, Lucius, adatchuka ndi chimbale cha Son of a Poor Man m'nyengo imene dziko linkasintha kulowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo pambuyo pake adayambitsa Zembani Band. Kuyambira pamenepo anthu adayamba kunena "nyimbo za chi-Balaka" ngakhale woimbayo achokere ku Mzimba kapena ku Thyolo. Pamene Soldier adamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, dziko lonse lidalira, ndipo dzina la Balaka lidamveka pawailesi usana ndi usiku.

Minibasi itachoka patauni idalunjika ku Liwonde. Kunja kudali milambe, minda ya thonje ndi nandolo, ndi kutentha kwathu kuja kumene kumakuumitsa kukhosi nthawi isadakwane 10 koloko m'mawa. Apa ndi pamene tanthauzo lachitatu limayambira, Balaka monga boma. Boma limeneli ndi laling'ono msinkhu, lidabadwa mu 1998 atalidula ku Machinga. Ambiri a ife tidabadwa lisadakhaleko.

Kwathu nkhani imeneyi timaiona pamapepala a m'nyumba imodzi. Zikalata zakale za agogo anga zimati boma lawo ndi Kasupe, lomwe ndi dzina lakale la Machinga. Satifiketi ya sukulu ya bambo anga imati Machinga. Ana anga, polembetsa kusukulu, amalemba Balaka. Mibadwo itatu, mayina atatu, koma mudzi sudasunthe ngakhale phazi limodzi. Chitsime ndi chomwecho, manda ndi omwewo. Pamzere wa mfumu yaikulu pokha ndi pamene zikalata zonse zitatu zimagwirizana: Kalembo.

Nalonso dzina la Kalembo silili ndi tanthauzo limodzi. Ndi munthu amene wakhala pampando, amene amaweruza milandu ya malo ndi ya ufumu. Ndi mpandowo, umene umatsala mwiniwake akamwalira n'kulowapo wina wotenga dzina lomwelo. Ndi dera lonse la midzi yake, n'chifukwa chake timati "kwa Kalembo" monga momwe ena amanenera "kwa Nsamala" kapena "kwa Kawinga". Ufumuwu ndi wa Ayao a nthambi ya Amachinga, omwe dzina lawo ndi lomwelo la boma la Machinga. Choncho mkulu wa ku Ulongwe akakuuzani kuti iye ndi Mmachinga, musamutsutse ndi mapu a 1998. Akunena za mtundu wake, ndipo akunena zoona.

Pa Mangochi Turn-off, tisadaoloke Shire, ndidasintha galimoto n'kukwera yopita kumpoto mumsewu wa M3. Mnyamata amene ndidakhala naye pampando ankawerenga nkhani pafoni, ndipo macheza athu adafika pa Balaka wa kunja kwa dziko lino. Ku Bangladesh ndi ku Bengal, m'dziko la India, balaka ndi mbalame yoyera ya miyendo itaiitali, yonga kakowa. Wolemba ndakatulo wotchuka Rabindranath Tagore adatulutsa buku lotchedwa Balaka mu 1916. Mbalame yomweyo ndi chizindikiro cha kampani ya ndege ya Biman Bangladesh Airlines, ndipo mumzinda wa Dhaka muli nyumba yoonetsera kanema ya dzina lomweli. Ku zilumba za Fiji, Balaka ndi mtundu wa mitengo ya kanjedza.

Pali lina limene silisangalatsa. Mu 2013 wailesi zidayamba kunena za magulu a zida otchedwa anti-balaka ku Central African Republic, amene ankamenyana ndi gulu la Seleka ndipo adapha ndi kuthamangitsa Asilamu ambiri. Ndimakumbukira anthu patauni akuseka kuti kodi ameneyu wadana ndi Balaka ndani. Mawuwo sakhudzana ndi ife, adangofanana kamvekedwe. Koma kwa munthu wa kwa Kalembo, kumene mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana ndipo pamaliro timakumba manda limodzi, sizidali zoseketsa kumva dzina la kwathu likutchulidwa pankhani yophana chifukwa cha chipembedzo.

Ndidatsika pa Ulongwe dzuwa litapendeka. Amayi ankagulitsa mikeka, nsomba zouma za ku nyanja ya Malombe ndi masamba. Anyamata a kabaza adandizinga, aliyense akutchula mtengo wake. Pamsikawu pali msewu wafumbi wolowera kum'mawa, umene umakathera m'mbali mwa Shire pakati pa migwalangwa. Alendo ochokera ku Ulaya ndi ku America amadutsa mumsewu umenewu, n'kukwera bwato kuolokera ku Mvuu, m'nkhalango ya Liwonde National Park. Nkhalangoyi idakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 akuyendetsa ndi a African Parks, amene adabwezeretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018.

Apa ndi pamene pandiwawa. Mlendo amadutsa m'midzi yathu, fumbi la galimoto yake limagwera pa ufa umene amayi ayanika, koma akabwerera kwawo amati adali ku Liwonde. Wokonda nyimbo amati Balaka n'kumaganiza za patauni. Wa ku ofesi ku Lilongwe akamva kuti chitukuko chapita ku Balaka amaona ngati tonse talandira. Ife a kwa Kalembo timasowa pakati pa mayina awiri otchuka, ngakhale kuti ndife amene timagona moyandikana ndi njovu ndi mvuu, ndipo timadziwa kulira kwa mlimi amene munda wake wadyedwa usiku umodzi.

Sindikudandaula kuti Balaka adatchuka. Oimba athu adalikweza dzinali ndi thukuta lawo, ndipo likatchulidwa ku Johannesburg kapena ku Harare mwana wa kuno amaimika mutu. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Atolankhani, polemba nkhani za m'boma lino, muzitchula mfumu ndi dera, chifukwa za ku Utale, ku Phalula ndi ku Ulongwe sizifanana. Akuluakulu a khonsolo, ikani zikwangwani zooneka bwino pa Ulongwe zouza mlendo kuti ali m'dera la yani, kuti akagula mkeka adziwe dzina la kumene waugula. Ndipo makolo anzanga, tiphunzitse ana kuyankha funso lija mokwanira, kuyambira mudzi, gulupu, mfumu yaikulu, kenako boma. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 ndidaona achinyamata obadwira m'tauni akuimbira foni makolo awo kufunsa dzina la mfumu yawo, ali pamzere.

Madzulo a tsiku limenelo ndidakhala pakhonde ndi amalume, wailesi ikuimba nyimbo ya Alleluya. Mdzukulu wawo wa Sitandade 4 adabwera ndi kope, ndipo ndidamufunsa kuti kwawo n'kuti. Adati ku Balaka. Amalume adatsitsa wailesi, n'kumuitana kuti akhale pamkeka, ndipo adayamba kumutchulira mayina kuyambira pa mudzi.